Nyenyezi Zinayi pa Maliro a ku Kauma

Chitemwa Mhango anayamba kulemba mafilimu amene waonera chaka chimene anachoka ku Rumphi kudzayamba ntchito ku Capital Hill. Masiku amenewo analibe anzake mu Lilongwe. Akaweruka ankakwera minibasi kupita ku Area 3 komwe ankachita lendi, n'kuphika, n'kukhala pansi ndi laputopu yake. Filimu ikatha ankatenga kope lachikuto cholimba limene anagula ku Old Town, n'kulemba tsiku, dzina la filimuyo ndi mizere iwiri kapena itatu ya maganizo ake. Pansi pake ankajambula nyenyezi, imodzi ngati yamubowa, zisanu ngati yamugwira mtima. Patapita zaka zisanu ndi zinayi anali pa kope lachitatu, ndipo mafilimu amene anawapatsa zisanu zonse sankakwana khumi.

Kope lomweli ndi limene linamupezera anzake. Pa msonkhano wina wa kuntchito mu hotela ya ku City Centre, mwamuna wina wogwira ntchito ku bungwe lothandiza anthu, dzina lake Eddie, analiona pa tebulo n'kufunsa kuti ndi la chiyani. Mwezi usanathe Chitemwa anali mlembi wa kagulu koonera mafilimu kamene kankakumana Loweruka loyamba la mwezi uliwonse kunyumba kwa Eddie ku Area 43. Osaphonya anali asanu: Eddie, mkazi wake Fiona, Lonely wa ku banki, Chitemwa, ndi a Orton, bambo wachikulire wa ku Karonga amene anapuma ntchito ya uloya m'boma. Filimu ikatha aliyense ankanena maganizo ake ndi nyenyezi zake, Chitemwa n'kulemba zonse, madzulo ake n'kuziika pa gulu lawo la WhatsApp. Ankazikonda zimenezi. Kunali kokhako kumene anthu ankamumvetsera mpaka amalize chiganizo.

Loweruka la mu Epulo anafika cha m'ma thu koloko masana pa kagalimoto kake. Amene anatsegula geti anali a Bauleni, bambo wa zaka za m'ma fifite amene ankasamala maluwa ndi bwalo pa nyumbayo. Chitemwa anali atamva kuti mu Febuluwale a Bauleni anataya mwana, khoma la nyumba yawo ku Kauma litagwa ndi mvula. Mwezi wapitawo anawapepesa pa zenera la galimoto, injini ikulira, n'kulowa mkati. Tsikuli anangowapatsa moni.

"Taswera, madamu. Enawo afika kale," anatero a Bauleni, n'kubwerera kuseri kumene ankakoleza makala owotchera nyama.

M'balaza makatani anali atatsekedwa kale, pulojekita itayaka. Fiona anali atayala samusa, mtedza ndi vinyo. Eddie sankatha kukhala pansi. Anali atavala malaya achitenje atsopano, ndipo ankangoyendayenda uku akupukuta magalasi ake.

"Lero sitionera za azungu, sitioneranso za ku Naijeriya," anatero. "Lero ndi yathuyathu. Ndapanga ndekha, mphindi makumi awiri ndi zisanu. Ndikufuna kuitumiza ku mpikisano wa mafilimu kunja mwezi wa mawa, ndiye musandinyengerere. Chitemwa, iwe makamaka, ulembe chilichonse."

Anthu anaomba m'manja. Chitemwa anatsegula kope lake, n'kulemba tsiku ndi dzina la filimuyo monga mwa masiku onse, n'kutenga samusa.

Inayamba ndi madenga a dzimbiri ojambulidwa kuchokera m'mwamba, piyano ikulira pang'onopang'ono. Kenako anamveka mawu a Eddie m'Chingerezi, okuluwika kuposa mmene amalankhulira, akufotokoza kuti pafupi ndi nyumba zikuluzikulu za mumzinda pali anthu amene dziko linawaiwala. Chitemwa anamwetulira pang'ono, poti mawu oterewa anali atawamva m'mafilimu ambirimbiri. Ndiye chithunzi chinatsikira pansi, n'kuonetsa mulu wa zidina zonyowa, ndi bambo wina atagwada m'matope atavala juzi yabuluu yong'ambika pa chigongono. Juziyo anaidziwa. Anali ataiona pa geti mphindi makumi atatu zapitazo, a Bauleni ataivala.

Pambali pa bamboyo panali mphasa, ndipo pa mphasapo panali kamwana kofunditsidwa chitenje. Chitenjecho chinali chachifupi. Timapazi tiwiri tamatope tinali kunja, ndipo kamera inatiyandikira mpaka tinadzaza khoma lonse la balaza la Eddie. Inakhala pamenepo nthawi yaitali.

Kenako anaoneka mayi wina akudzigubuduza m'matope, akulira mawu atasasa. Bulauzi yake inali itang'ambika kuchokera pa phewa, chifuwa chili pamtunda. Azimayi awiri ankalimbana naye kuti amufunditse, ndipo mmodzi anatembenuka n'kukweza dzanja kuti atchinge kamera. Kamera inangosendera pambali n'kupitiriza. Pamenepa Eddie anali atachedwetsa chithunzicho kuti chiziyenda pang'onopang'ono, piyano ija n'kukwera.

Samusa inali idakali m'kamwa mwa Chitemwa. Anayesa kuimeza, inakana. Fungo la nyama imene a Bauleni ankawotcha kuseri linkalowa pa zenera. Anailavulira m'kapepala kopukutira m'manja, n'kukafumbata.

Zotsala anazionera ngati munthu amene wakhala pafupi ndi chimbudzi chodzaza mu basi yoti sangatsike. Anaonetsa khomo la mochale. Anaonetsa maliro kumudzi ku Malingunde, kamera itasuzumira m'manda. Anaonetsa Eddie mwini wake akutsitsa thumba la ufa m'galimoto, akuyang'ana kutali ngati sakudziwa kuti akujambulidwa. Pomaliza panadutsa mayina a opanga filimuyo, ndipo dzina la Eddie linabwera kasanu.

Fiona anatsegula katani imodzi. Lonely ndiye anayamba.

"Amwene, mwandidabwitsa. Shoti ya mapazi ija ndi yakupha. Ija yokha ikhoza kukutengerani mphotho. Ine zinayi."

"Inenso zinayi," anatero Fiona, akudzithirira vinyo. "Koma ndakhala ndikumuuza kuti kulira kwa mayi uja kwatalika. Azungu atopa nako. Poyamba zimagwira mtima, koma zikapitirira zimakhala ngati akuwonjeza dala."

"Ayi, pamenepo ndiye pali filimu yonse," anatero Eddie. "Mwina ndidulepo masekondi khumi. A Orton?"

A Orton anakhosomola, n'kuyang'ana m'tambula yawo. "Mawu sakumveka bwino kumanda kuja, mphepo yachuluka. Ndipereka zitatu. Koma ndifunse, anthuwa anasaina pepala lovomera?"

"Bauleni ndi wa m'nyumba muno, ankolo. Zaka seveni tili naye. Mapepala a chiyani?"

A Orton anangogwedeza mutu. Onse anatembenukira kwa Chitemwa. Iye anayang'ana pa kope lake ndipo anaona kuti dzanja lake linali litalemba kale, mosadziwa mwini wake: Lonely zinayi, Fiona zinayi, a Orton zitatu. Manambalawo anali ooneka bwino, oongoka, monga ankalembera nthawi zonse. 

"Unakafika bwanji kumeneko mwana adakali pa mphasa?" Chitemwa anafunsa Eddie.

"Bauleni anandiimbira m'mawa pa foni yobwereka, kufuna galimoto yopita kuchipatala. Kamera inali kale m'galimoto. Mwayi wake umenewo, zinthu ngati izi sungazikonze."

Chitemwa asanayankhe, chitseko cha kukhitchini chinatseguka, a Bauleni n'kulowa ndi thireyi ya nyama. Anali atavula nsapato pakhomo. Eddie anadumpha pa mpando.

"Eya, wafika nthawi yabwino. Anthuni, muombereni m'manja mwini filimu."

Lonely ndi Fiona anaomba. A Bauleni anamwetulira mwaulemu, osadziwa chimene akuomberedwa. Kenako maso awo anapita pa khoma. Eddie anali atabweza filimuyo kuti aone pomwe angadule, ndipo anaiimitsa pa nkhope ya mayi uja, pakamwa pali yasa, phewa lili pamtunda.

A Bauleni anaika thireyi pa tebulo mosamala kwambiri, n'kuisuntha pang'ono kuti isagunde botolo la vinyo.

"Amenewo ndi akunyumba, bwana?"

"Ndi omwewo. Paja ndinakuuza kuti ndikujambula."

"Munati ndi zokaonetsa ku ofesi kwanu, mwina angatithandize malata."

"Zonsezo ndi chimodzimodzi, Bauleni. Anthu akunja akaona, thandizo limabwera lochuluka. Si iwe wekha, Kauma yense apindula."

 A Bauleni ankangoyang'ana khomalo, manja atawapinda kumbuyo.

"A Bauleni, filimuyi munaionerapo?" anafunsa Chitemwa.

"Ayi, madamu."

"Nanga amayi?"

"Sakudziwa n'komwe."

Chitemwa anatembenukira kwa Eddie. "Ndiye iyambitsenso. Akhale pansi apa aione yonse, anene nyenyezi zawo, ndilembe."

"Usachite zachibwana, Chitemwa. Zingamupweteke munthuyu. Bala lake likadali laliwisi."

"Ndiye zoti zingawapweteke ukudziwa. Ife n'kumadyera samusa."

"Aa, sisi, ndi luso limeneli," anatero Lonely. "Filimu yabwino imayenera kusautsa. Inuyo nomwe munapereka zisanu ku ija ya nkhondo, ana akufa ngati ntchentche."

"Ana amene aja atamaliza kujambula anadzuka n'kupita kwawo," anatero Chitemwa. Sanakweze mawu. "Mmodzi wa azimayi aja anakweza dzanja kukuletsa, Eddie. Tonse taona. Iwe n'kusendera pambali kuti uone bwino bere la mkazi wa wantchito wako, mwana wake ali gone pa mphasa. Kenako n'kuikapo piyano."

Nkhope ya Eddie inasintha. Anavula magalasi.

"Galimoto imene inanyamula mwana uja kupita ku mochale ndi yanga. Imene inakatula maliro ku Malingunde, m'matope muja, ndi yanga. Iwe unali kuti? Unapitako? Unamupepesa pa zenera, ndinakuona ine."

Zinali zoona. Fiona anati anthu adye nyama isanazizire. A Orton anayang'anabe m'tambula yawo. A Bauleni anafunsa ngati pali china chofunika, ndipo atauzidwa kuti palibe anatuluka chobwerera m'mbuyo, n'kutseka chitseko mosachita phokoso.

"Nyenyezi zako zingati, tithane nazo?" anafunsa Fiona.

Chitemwa anakhwatcha mizere imene analemba ija mpaka bolopeni inaboola pepala. Anaika kope m'chikwama n'kutuluka. Lonely anali atatenga kale nthuli ya nyama.

Kuseri anapeza a Bauleni akukwecha waya wowotcherapo nyama ndi mwala.

"Tiyeni ndikakutuleni kunyumba, bambo."

"Ndimaweruka faifi, madamu. Komanso wayayu akauma mafuta savuta pang'ono."

Anawadikira kunja kwa geti, m'galimoto, ola lathunthu ndi theka. Msewu unali zii, mipanda italiitali mbali zonse, agalu akuuwa mkati. Kawiri konse anafuna kungoliza galimoto n'kumapita, poona kuti mwina akungofuna kudziyeretsa yekha. Koma anakhalabe. Faifi itakwana a Bauleni anatuluka ndi kajumbo m'manja. Fiona anali atawapatsa nyama yotsala.

Anayenda mpaka pamene tara imathera. Kumeneko msewu unali ndi maenje amene mvula inasiya, ndipo kagalimotoko kankagunda pansi.

"Madamu, ndikupempheni chinthu chimodzi," anatero a Bauleni. "Za bulauzi zija musakawauze. Tsiku limene lija sakulikumbuka bwino. Akadziwa kuti anthu awaona chomwecho, sadzatulukanso m'nyumba."

"Sindikanena."

"Bwanawo si munthu woipa kwenikweni. Pa maliro anatithandiza. Kungoti pamene ankajambula paja ine ndimati tinyamule mwana tizipita, mwina kuchipatala akamuona. Iwo anati dikira pang'ono. Mwanayo anali atapita kale, ndikudziwa. Koma anati dikira pang'ono."

Chitemwa anatsitsa zenera kuti apume mpweya.

Nyumba ya a Bauleni inali itatsala chipinda chimodzi. Mbali imene khoma linagwa anali atatchingako ndi pulasitiki wakuda, ndipo zidina zakugwazo anali ataziunjika bwinobwino pambali. Mkazi wawo, a Tabitha, anali pa khonde akusankha nyemba m'lichero. Anali mayi wochepa thupi, wa mpango woyera, wooneka wamng'ono kuposa mmene anaonekera pa khoma la Eddie. Anayala mkeka, n'kugwada kupereka moni. Chitemwa anapepesa maliro, ulendo uno atakhala pansi.

A Bauleni anafotokoza mwachidule kuti zimene bwana anajambula zija azipanga filimu, ndipo lero alendo aionera. A Tabitha anamvetsera, dzanja lili m'nyemba.

"Inuyo mwaionera, mayi?"

"Ndaionera."

"Mwana wanga akuoneka nkhope? Tilibe chithunzi chake chilichonse. Chimene tinali nacho chinali mu foni imene inaphwanyika ndi khoma lomwelo."

"Nkhope sakuoneka, mayi."

A Tabitha anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Nanga dzina lake alitchula?"

Chitemwa anaganiza. Anali ndi mutu wogwira zinthu za m'mafilimu, ankatha kukumbukira mayina a anthu a m'filimu imene anaonera zaka zisanu zapitazo. Anaiyendetsa yonse m'mutu kuyambira pa madenga mpaka kumanda. Mawu a Eddie ankangoti mwana wamkazi wa zaka zinayi.

"Sanalitchule," anatero. Ndipo poti panalibe njira ina, anawonjeza kuti, "Inenso sindikulidziwa. Sindinafunse."

"Madalitso," anatero a Tabitha. "Anali ndi zaka zisanu. Akanayamba sukulu chaka chino."

Anabwerera ku nyemba zawo. A Bauleni anapereka kajumbo ka nyama kaja kwa ana a nyumba yoyandikana nayo, osakatsegula.

Lolemba m'mawa, Chitemwa ali mu ofesi, foni yake inalira. Fiona anali atalemba yekha zotsatira pa gulu lija: nyenyezi zinayi, zinayi, zitatu, ndi mawu oti mlembi sanamve bwino m'thupi. Lonely anayankha ndi tizithunzi ta moto titatu. Chitemwa anatuluka pa gulupo.

Masana ake a Orton anamuimbira. Anati tsiku lija anachita manyazi kulankhula pamaso pa mwini nyumba, koma Lamulungu anamuimbira Eddie n'kumuuza kuti ngati sachotsa chigawo chooneka mayi aja, iwo amulembera kalata ya uloya m'malo mwa a Bauleni kwaulere. Eddie anakalipa, kenako anavomera kuchotsa.

"Nanga mapazi a mwana?" anafunsa Chitemwa.

"Amenewo wakana. Akuti popanda amenewo palibe filimu. Mwana wanga, tapezako theka, si pang'ono."

Chitemwa anathokoza n'kudula foni. Filimuyo inatumizidwa kunja mwezi wotsatira. Ngati inapambana kapena ayi, iye sanamve, ndipo sanafunse aliyense.

Mu Juni, m'mawa wina wozizira, akupita kukatenga mnzake wa kuntchito ku Area 43, anaona a Bauleni m'gulu la anthu oyenda pansi m'mbali mwa msewu, manja ali m'thumba la juzi. Anaima n'kuwatenga. A Bauleni anati kunyumba ali bwino, a Tabitha ayambanso kupita ku kwaya, ndipo khoma alimanganso mpaka pa zenera ndi njerwa zowotcha zimene a mpingo anasonkha. Za malata a ku ofesi kwa bwana sizinamvekenso.

"Koma sabata yatha anandiitana," anatero. "Akuti akufuna adzajambule gawo lachiwiri, tikufolera nyumba. Akuti akunyumba adzavale chitenje chomwe chija, adzaime pamene panali mphasa."

"Ndiye mwawayankha chiyani?"

"Ndinati ndikafunsa kunyumba. Sindinafunse. Akandikumbutsa ndidzati akudwala."

Atatsala pang'ono kufika, a Bauleni anapempha kuti atsikire pa kona, asafike pa geti, poopa kuti bwana angawaone m'galimoto ya Chitemwa. Anatsika, n'kuthokoza kawiri, n'kuwoloka msewu mothamanga chifukwa seveni inali itakwana kale.